A Mbewe a pa Mlatho Sanapume Pantchito

Pa maliro a amuna anga anawerenga bodza. Mkulu wa mpingo anaima ndi pepala m'manja, nati a Lakisoni Mbewe anagwira ntchito ya misewu zaka zambiri mpaka anapuma. Ine ndinali pamphasa pakati pa amayi anzanga, nsalu kumutu, ndipo sindikanatha kudzuka kuti ndiwatsutse. Tsopano chaka chakwana, ana akufuna kumanga chiliza, ndiye akuti ndinene zoti zilowe m'mbiri ya bambo awo. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndikulemba ndekha, chifukwa ndikapatsa wina cholembera alembanso kuti anapuma. Sanapume. Anachotsedwa ngati wakuba.

Kwathu ndi ku Ntchisi. Kuno ku Mzimba tinabwera zaka zoyamba za matipate, iwo atatumizidwa kudzakhala kapitawo wa gulu lokonza msewu waukulu kummwera kwa Boma. Chitumbuka sanachiphunzire bwino mpaka kufa kwawo. Ankangodziwa yewo ndi mbwenu, ndiko kuti zikomo ndi basi, ndipo mbwenuyo ankamuika paliponse, anthu n'kumaseka. Pachigawo chawo cha msewu panali mlatho wachitsulo, wokhala ndi mitanda yopingasa kumwamba ngati nyumba yoti sanafolere. Anthu amautcha Mlatho wa Denga. Tsidya lino ndi tsidya linalo pali chikwangwani cha nambala yosonyeza msinkhu wa galimoto yoyenera kudutsa pansi pa mitandayo. Pamenepa ndi pomwe pamadutsa malole a mabelo a fodya, a matabwa, a makala, ndipo opakira katundu amaunjika mpaka pomwe chingwe chathera.

Palibe anawauza kuti azilondera mlathowo. Anangoona tsiku lina lole ya matabwa itakwecha mtanda woyamba, penti n'kusupuka, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kugona tulo tabwino. Anakadula nsungwi yaitali kudambo, naiumitsa padenga pathu, naiyeza ndi tepi mpaka inafanana ndendende ndi nambala ya pachikwangwani. Akaona lole yomwe katundu wake wawakayikitsa, ankaima pakati pa msewu, mkono m'mwamba, n'kuimika nsungwi pambali pa katunduyo. Katundu akaposa nsungwi, lole siidutsa. Ena ankatsitsa mabelo, ena ankabwerera kukazungulira msewu wafumbi wa ku Embangweni, akutukwana njira yonse. Madalaivala ndiwo anawapatsa dzina lakuti Adada Nsungwi, ndipo iwo ankaliyankha popanda kukwiya.

Ankakonda kunena kuti dalaivala amaona zam'tsogolo ndi zam'mbali, koma zapamwamba pa mutu wake saziona, ndiye payenera kukhala wina wapansi womuonera. Ankanenanso kuti chitsulo sichipola ngati munthu, chikapindika lero chidzakhala chikukumbukabe mpaka tsiku lodzathyoka. Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri mpaka ananditopetsa.

Sindikufuna kuwayeretsa. Anali munthu wovuta kukhala naye. Ankayeza chilichonse. Tikalowa m'nyumba ya eni, maso awo anali pamphuthu ya chitseko, n'kumuuza mwini nyumba kuti mmisiri anamupusitsa. Mizere yakumunda ankaiyeza ndi chingwe, ndikalakwitsa umodzi ankaugumula osandiuza. Tsiku la ukwati wa mwana wathu Esinala, tili pamdipiti wochokera ku tchalitchi, anaona lole ya makala ikulowera kumlatho. Anatsika pagalimoto ya akwati ali ndi jekete ya ukwati, nathamangira kunyumba kukatenga nsungwi. Pa zithunzi za mwana wawo palibepo nkhope yawo. Ndinakhala sabata yathunthu osawalankhula. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anabwera ndi nthochi, nakhala pakhonde, nati, "Nabanda, matumba atatu okha ndi omwe anapyola. Akanagunda." Kumeneko kunali kupepesa kwawo.

Ngakhale lole ya mpingo wathu sanaisiye. Inanyamula mabenchi opita ku msonkhano wa chigawo, abusa ali kutsogolo. Anaiimitsa, mabenchi anatsitsidwa, amayi a chigwirizano anaolotsa pamutu. Abusa anawalalikira Lamulungu lotsatira, osatchula dzina, za anthu ouma mitima. Iwo anangokhala pabenchi lawo akugwedeza mutu ngati akuvomereza.

Pofuna kuteteza mtanda woyambawo, anatolera matayala akutha, mitolo ya nsungwi ndi masaka oviika m'phula, namangirira zonse pamodzi ndi waya kutsogolo kwa chitsulo. Ankati nsungwi payokha imasweka, thayala palokha limagwa, koma zikaphatikizana zimalandira nkhonya m'malo mwa mlatho. Bwana wawo wa ku ofesi atadutsa anati achotse zinyalalazo, mlatho wa boma si khola la nkhunda. Anachotsa. Dzina la bwanayo sindilemba, ana ake alibe mlandu.

Vuto lenileni linayamba ndi phula. Msewu utakumbika, inabwera kampani kudzathira phula latsopano. Lakale sanalipale, anangothira pamwamba, ndi pamlatho pomwe. Patapita zaka zingapo, chisankho chikuyandikira, inabwera ina n'kuthiranso pamwamba pa lomwelo. Anthu tinavina kuti msewu wasalala. Koma amuna anga anali ndi chizolowezi choti Lolemba lililonse m'mawa ankaimika nsungwi yawo pansi pa mtanda woyamba. Kale inkalowa, pamwamba n'kutsalako mpata. Lolemba limenelo inakana kuima. Msewu unali utakwera, mitanda ili pomwe inali, ndipo mpata unachepa ndi chikhatho chathunthu. Chikwangwani chinali chikunenabe nambala yakale.

Anafika kunyumba osafuna ngakhale tiyi. Anati chikwangwani chasanduka msampha, chifukwa tsopano dalaivala womvera lamulo ndi amene adzagunde. Nsungwi sanaidule. Anamanga kansalu kofiira pamalo osonyeza mpata watsopano, kuti aliyense aone kusiyana pakati pa zomwe boma likunena ndi zomwe zilipodi. Analemba makalata atatu. Kenako anakwera njinga mpaka ku Boma, nsungwi ataimangirira m'mbali, anthu a pamsika akuwakuwiza.

Zomwe zinachitika mu ofesimo anandifotokozera okha, ndipo mlembi wina wa kwathu ku Ntchisi anandiuzanso chimodzimodzi. Bwana anatulutsa buku la milatho, nawaonetsa nambala yolembedwa m'menemo, nati inayezedwa ndi anthu ophunzira iwo asanabadwe n'komwe. Amuna anga anapempha kuti angotumiza munthu mmodzi ndi tepi. Bwanayo anayang'ana pazenera pomwe nsungwi inatsamira, naseka.

"A Mbewe, mwina nsungwi yanuyo yakula. Mwaithirira kwambiri."

"Bwana, nsungwi youma imakula?"

"Ndiye kaiduleniko, ilowe bwinobwino. Nkhani yatha."

Onse a mu ofesi anaseka. Munthu wa imvi, woti anagwira msewu ndi manja zaka zonsezo, anatuluka akumuseka anyamata a mataye.

Anadikira mwezi wina. Kenako anagula kachitini ka penti woyera ndi kena ka wakuda, natenga makwerero, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Anafufuta nambala yakale pa zikwangwani zonse ziwiri nalemba yoona. Analemba mosamala, ndi rula, moti ukanati zachokera ku fakitale. Ine ndinawagwirira makwerero. Ndikunena izi kuti ngati unali mlandu, ndiye tinapalamula awiri.

Sipanathe sabata ziwiri. Anabwera apolisi ndi galimoto ya ku ofesi, nawatenga pamaso pa anthu omwe ankawayang'anira. Mlandu wake unali kuononga katundu wa boma. Anawatulutsa, koma kalata inatsatira yoti ntchito yatha chifukwa cha khalidwe loipa. Tsiku lomwe kalatayo inafika, anatumizanso munthu ndi penti kudzabwezeretsa nambala yakale. Wa penti anapezeka msanga. Wa tepi ndiye anasowa.

Ndinawauza kuti basi tsopano, tibwerere ku Ntchisi, mlatho si mwana wathu. Anati akapita ndani adzaima pamenepo. Ndinati eni ake. Anati eni ake ndi omwe amadutsapo, si omwe ali ndi buku. M'mawa mwake anavala malaya awo akunyumba, poti ovolosi ya ntchito anali atabweza, natenga nsungwi kupita kumlatho. Anachita zimenezi chaka ndi miyezi. Tsopano madalaivala ankadziwa kuti munthuyo alibenso mphamvu. Ena ankaimabe chifukwa cha ulemu. Ena ankawaimbira hutala n'kuwaponyera makoko a nzimbe.

Tsiku la ngozi ndinalipo, ndinawapititsira chakudya. Inali nyengo yogulitsa fodya, cha m'ma leveni koloko. Pafupi ndi mlatho pankakhala NyaJere, mayi wa konkuno wogulitsa nthochi ndi zitumbuwa, amene ankawapatsa mpando ndi madzi akumwa. Kunatulukira lole yaitali itanyamula chimakina chokumbira nthaka, mkono wake utapindidwa pamwamba. Amuna anga anangoiona patali n'kusiya mbale. Dalaivala anaima. Anali bambo wamkulu ndithu, wooneka wodekha. Nsungwi itaimikidwa, chimakinacho chinapyola kansalu kofiira koma sichinafike kunsonga. Dalaivala anatulutsa pepala lake losonyeza kuti katundu anayezedwa asananyamuke, naloza chikwangwani.

"Madala, nambala iyo yandilola. Pepala ili landilola. Inu ndinu ndani?"

Anayesa kumufotokozera za phula. Dalaivala anafunsa ngati ali ndi chitupa cha ntchito. Analibe. Kumbuyo magalimoto anali atayamba kuimba mahutala, kondakitala wa minibasi akukuwa kuti muchotseni wamisalayo. Dalaivala anakwera, naliza injini. Amuna anga anaimabe kutsogolo, nsungwi m'manja. NyaJere ndiye anathamanga n'kuwakoka malaya.

"Adada, chokanipo, mbwenu akupondani. Mlatho ngwa boma, imwe ndimwe wa amama aba."

Anawakokera kumbali, nsungwi inagwera pamsewu, matayala anaiphwanya. Lole sinali pa liwiro. Koma phokoso lake sindidzaliiwala, ngati wamenya mgolo waukulu m'mutu mwako. Mlatho wonse unanjenjemera. Mtanda woyamba unapindika, wachiwiri unang'ambika pomwe unalumikizidwa, maunyolo a chimakina anaduka, ndipo chidutswa cha chitsulo chinauluka n'kumuthyola NyaJere mwendo. Mpaka lero amayenda ndi ndodo. Dalaivala anatsika magazi akutuluka pamphumi, nakhala pansi pa phula, akungoyang'ana chikwangwani.

Mlatho unatsekedwa dzinja lonse. Odwala opita ku chipatala cha ku Boma ankaolotsedwa pamachira, kwinako n'kukwera galimoto ina. Feteleza anafika mochedwa. Ndipo wolakwa anapezeka msanga: dalaivala, ati anapakira mopyola. Amuna anga atamva kuti munthuyo watsekeredwa, anavala jekete yawo ija ya ukwati, napita kupolisi kukanena kuti dalaivala sananame, katundu wake anali pansi pa nambala, wonama ndi chikwangwani. Ine ndinawakalipira. Ndinati munthu wakunyozani pagulu, mukukamuombola chifukwa chiyani. Anati iye anamvera zomwe anawerenga, ndiye amangidwe chifukwa chodziwa kuwerenga? Kupolisi anawauza kuti umboni wa mlatho upereka ndi a ku ofesi, osati munthu wochotsedwa ntchito. Anabwerera kunyumba. Tsiku limenelo ndi lomwe ndinaona kuti akalamba.

Mvula itatha kunabwera akatswiri ochokera ku Lilongwe kudzakonza. Wamkulu wawo anali mayi wachitsikana, injiniya, wovala chisoti choyera. Anawongola zitsulo, zina anasintha. Kenako anatulutsa mipukutu ya nsalu yakuda yonyezimira, yolukidwa ngati mkeka, ati ndi ya ulusi wa kaboni. Ankasakaniza guluu wa m'zitini ziwiri, n'kumata nsaluyo pamitanda, ina pamwamba pa inzake, ikauma n'kulimba kuposa thabwa. Kutsogolo kwa mtanda woyamba anamangako zinthu zonga mabokosi aatali, kunja kolimba, m'kati mwake timabowo ngati zisa za njuchi. Anthu anazitcha mapilo. Ntchito yake inali yoti lole ikagunda, piloyo iphwanyike, chitsulo chipulumuke.

Ndinkaganiza kuti amuna anga awawidwa mtima, chifukwa zimenezi n'zomwe iwo anayesa ndi matayala ndi masaka, n'kuuzidwa kuti ndi zinyalala. Koma ayi. Ankapita tsiku lililonse kukaonerera ngati mwana. Anapempha kachidutswa ka nsaluyo kouma, nayesa kukathyola ndi manja, ndi mano, ndi nyundo, nabwera nako kunyumba akusangalala kuti taona Nabanda, kopepuka ngati tsamba koma kakana. Ankauza aliyense kuti zinthu izi n'zabwino, anthu awa akudziwa ntchito. Chomwe ankawonjezera n'chakuti pilo ndi ya pomwe zalakwika kale, ndipo nambala ikakhala yabodza piloyo idzagundidwa ndithu.

Injiniya uja anali waulemu. NyaJere atamufotokozera nkhani yonse, anawaitana amuna anga, natenga kamakina kake koyezera ndi kuwala, nakaika pansi pa mtanda iwo akuona. Anayeza katatu. Kenako anayang'ana chikwangwani.

"Bambo, mukunena zoona. Ndipo mapilo athuwa atsitsanso pang'ono."

Amuna anga anavula chipewa. Anamupempha kuti alembe zimenezo papepala, asayine, apite nazo ku ofesi. Mayiyo anati alemba mu lipoti lake, koma zikwangwani si za kampani yawo, iwo anatumidwa kudzamata mitanda basi. Sindikudziwa ngati analemba. Mwina analemba, lipotilo lili m'kabati. Tsiku lotsegulira mlatho kunabwera akuluakulu, kunali magule, anadula riboni pansi pa nambala yomwe ija. Bwana uja analankhula za luso latsopano. Amuna anga anaima kumbuyo kwa ana asukulu, palibe anawatchula.

Sanadulenso nsungwi ina. Miyendo inali itayamba kutupa, ndipo a chipatala anati mtima wakula. Ankangokhala pakhonde, chifukwa nyumba yathu ili pamtunda, msewu umaoneka. Lole yaitali ikamatsika ankasiya kulankhula pakati pa mawu, n'kumvetsera mpaka itaoloka, kenako n'kupitiriza pomwe analekeza. Sabata yomaliza, ali m'chipatala ku Boma, anandifunsa kawiri ngati kwabwera yankho lililonse kuchokera ku ofesi. Ndinati ayi. Sindinawanamize, ngakhale Esinala ankanditsina kuti ndingovomera. Anamwalira Lachinayi masana, mwezi wa Juni, kukuzizira. Tinawaika konkuno, monga ananenera.

Patangotha miyezi itatu, lole ya matabwa inagunda. Pilo inaphwanyika monga anaipangira, mlatho sunapindike, palibe anavulala. Nsalu yakuda ija inagwira ntchito yake, ndipo ine ndilibe nayo chifukwa. Sabata yotsatira kunabwera galimoto ndi anthu awiri, nachotsa zikwangwani zakale, naika zatsopano. NyaJere anatuma mdzukulu wake kudzanditenga. Ndinapita, ndinawerenga. Nambala yake inali ija ndinagwirira makwerero, kuchotsako pang'ono chifukwa cha mapilo.

Ndinakwera kabaza mpaka ku Boma. Bwana wakale anali atasamutsidwa, atakwezedwa. Ndinapeza wina, ndinamuonetsa kalata yochotsera amuna anga ntchito, ndinati popeza mwasintha nambala, mulembe ina yonena kuti munthuyu sanaononge katundu wa boma. Sindinapemphe china. Anandipatsa mpando, anandipepesa maliro, nati chikwangwani chasinthidwa potsatira kuyeza kwa akatswiri, sizikukhudzana ndi nkhani yakale. Ndinati akatswiriwo apeza chiyani chomwe a Mbewe sanapeze. Anayang'ana wotchi.

"Amayi, mwiniwake anatisiya. Kalata imeneyo awerenga ndani?"

Ndinati awerenga adzukulu ake. Anati ndisiye dzina ndi mudzi, andiitana. Miyezi isanu ndi inayi yapita.

Ndiye ana anga, pachilizapo lembani zomwe mukufuna, vesi kapena nyimbo. Koma m'mbiri muwerenge izi momwe ndalembera, ndipo a mpingo akati ndi zazitali kapena zochititsa manyazi akuluakulu, mundipatse ndiwerenge ndekha.

Dzulo ndinatsikira kumlatho. Tsidya lakummwera, kumanzere kwa msewu, pali malo otambalala pomwe malole ankapatukira akaimitsidwa. Dothi lake linali lolimba ngati simenti, lakuda ndi oyilo. Tsopano pamera chisoso ndi udzu wofika m'mawondo, mbuzi zikudya. NyaJere anasamutsira nthochi zake kusiteji, poti pano sipaimanso munthu. Pilo yatsopano yaikidwa, yachikasu, yopanda chipsera. Ndili chiimire, inabwera lole ya fodya yopakira kwambiri. Dalaivala anachepetsa liwiro, anawerenga chikwangwani, anaima yekha. Anatsika, anayang'ana mabelo ake, anayang'ana mitanda, napukusa mutu. Atandiona anandifunsa ngati pali njira ina yozungulira. Ndinamulozera ya ku Embangweni. Anati yewo amama, nabweza lole yake pa udzu uja. Sanafunse kuti pamenepa pankaima ndani, ndipo panalibe chilichonse chomuuza kuti pankaima munthu.